Dzina Lotsiriza pa Jipini

Madalaivala ena a mumzinda wa Pasig ku Philippines amalembetsa mayina a ana awo pa jipini, timabasi tawo tonyamula anthu, koma Mang Berting ankalembetsa a akatswiri a basiketibo. Wosewera akapuma, dzina lake linkafufutidwa. Mayinawo anatha limodzilimodzi ngati mano a Mang Berting, mpaka kunatsala la Boyet Lacsina. Kenako nayenso mawondo anamukana.

"Tilembepo ndani tsopano, mnzanga?" anafunsa mnzawo Kadyo wopenta. "Kapena mankhwala ako a nyamakazi aja?"

Mang Berting anayesa kukumbukira mnyamata ngakhale mmodzi wa timu yatsopano, koma palibe anabwera m'mutu.

"Lisiye momwemo."

Mawa lake mtsikana wina analiwerenga pokwera, nafunsa motsitsa mawu, "Pepani agogo, anali mwana wanu?"

Mang Berting anavomera ndi mutu, nalowetsa giya.