Ng'oma Inamuulula Tanimu

Tanimu wa kuno ku Kano wagwirapo ntchito zambiri kuposa mano amene atsala m'kamwa mwake. Anayamba ndi kufufuta zikopa, mpaka agalu a m'dera lonse anamuyesa m'bale wawo chifukwa cha fungo. Anayendetsapo njinga yamoto yonyamula anthu, koma anthuwo ankatsika akupemphera. Kenaka anabwerera ku ntchito ya makolo ake, yodula nyama. Ndipo monga anzake a mpeni, amamenya nkhonya za dambe: dzanja lamphamvu kulikulunga ndi chingwe, linalo n'kumatchinga nalo.

Bwana wake atasamukira ku Kaduna, Tanimu anatha miyezi itatu osagwira mpeni, ana akungomuyang'ana. Ndiye anamva kuti Hajiya Ladidi akufuna wodula kilishi, nyama yopyapyala yoyanika padzuwa ija. Vuto lake, mayiwo safuna andewu pamalo pawo.

"Za dambe musakatchule," anatero mkazi wake Talatu. "Mukakhale ngati nkhosa."

Tanimu anavala mkanjo wa manja aatali, nakakhala pabenchi kwa Hajiya maso ali pansi.

"Ndine Tanimu, Hajiya. Zikopa zaka zinayi, njinga chaka chimodzi, mpeni zaka khumi."

"Nanga ukaweruka umatani?"

"Ndimangokhala, Hajiya. Kuyang'ana nkhunda."

Tsoka ilo, Sabo woimba ng'oma ankadutsa mumsewumo. Wankhonya aliyense ali ndi kaliridwe kake ka ng'oma, ndipo ikalira yako sukhala pansi, umayankha. Sabo ataona mnzake, anangoti ndimupatse moni. Anaiguguda.

Unayamba ndi mwendo kunjenjemera. Kenaka phewa. Benchi inagwera uko.

"Ndine Tanimu, khasu lokumba manda a anyamata! Ndinagwetsa chimphona cha ku Sokoto chisanamalize kulavula! Ndidzatsegula sitolo yangayanga ya kilishi, Kano yense adzafola pamzere!"

Ng'oma inaleka. Tanimu anadzipeza ataimirira chibakera chili m'mwamba, thukuta kamukamu.

"Nkhunda zakozo n'zolusa," anatero Hajiya. "Tabwera nawo manjawo."

Tanimu anapinda manja a mkanjo. Lamanzere linali zipsera za chingwe zokhazokha, lamanja losalala ngati la mlembi.

"Kodi ndiwe wamanzere?"

"Ayi, Hajiya. Lamanjali ndi la mpeni, ndilo limadyetsa ana, sindimenyera munthu. Ndimakulunga lofookali. N'chifukwa chake mano anandithawa."

Hajiya sanaseke. Anamupatsa mpeni ndi ntchafu ya ng'ombe. Tanimu anaisenda, anaisenda, n'kukweza nyamayo m'mwamba, yopyapyala moti nkhope ya Sabo inkaonekera kuseri kwake.

"Uyambe mawa," anatero mayiwo. "Ndipo kukuwa kwakoko usakusiye kunyumba, uziitanira ogula. Koma sitolo yakoyo ukamange ku Sokoto, osati mumsewu wanga uno."