Ulendo wa Abu Ziyad Wopita ku Petra

Mefleh, amene anthu onse a ku Irbid ankamutchula kuti Abu Ziyad potengera dzina la mwana wake woyamba, anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu ndi zinayi. Zaka zonsezo ankagulitsa masitampa ndi makadi a zithunzi za mzinda wakale wa Petra, za Nyanja Yakufa ndi za mapiri ofiira a ku Wadi Rum. Malowa ankawadziwa pamtima. Wobwera kudzagula sitampa imodzi ankachoka atamva kutalika kwa nsanamira iliyonse, anthu pamzere akung'ung'udza. Koma mwiniwakeyo anali asanapondeko. Kutali kumene anafikako kunali ku likulu la dziko, ku Amman, ndiponso kunali kokazulitsa dzino.

Atapuma pa ntchito, anatsuka galimoto yake yakale n'kuyala mapu patebulo.

"Umm Ziyad, konzekani. Masiku anayi, malo anayi. Ndalemba ndi maola omwe."

"Tidutsa ku Madaba?" anafunsa Intisar, mkazi wake, amene iye ankamuitana kuti Umm Ziyad.

"Tidutsa, koma sitiima."

"Chabwino," anatero mayiyo, n'kulowa kuchipinda foni ili m'manja.

Polowa mu Madaba anapeza mwamuna wamimba ataima pakati pa msewu, manja ali m'mwamba. Anali msuweni wa Intisar.

"Khofi yekha, Abu Ziyad! Ndalumbira, simudutsa!"

Khofi uja anaitana tiyi, tiyi anaitana mansaf: phiri la mpunga ndi nyama ya nkhosa, msuzi wa chambiko ukuyenderera m'mbali. Abu Ziyad akati apukute dzanja, msuweni ankamukankhira nthuli ina. Anachokapo dzuwa litapendeka, lamba atamasula.

M'mawa mwake anafika ku Nyanja Yakufa. Abu Ziyad anaima m'mphepete ndi kabudula wofika m'maondo, n'kuyamba kuphunzitsa.

"Muno munthu samira, Umm Ziyad. Mchere wake ndi wochuluka moti..."

"Lowani tione."

Analowa, nakhala pansi monga ankaonera pa makadi aja. Miyendo inati vuu m'mwamba, mimba ili tuu ngati chitsa. Poyamba anaseka. Atafuna kuimirira, miyendo inakana kutsika. Anaphiriphitha, dontho linamulowa m'diso, ndipo kamphepo kanayamba kumukankha pang'onopang'ono.

"Umm Ziyad! Ndikupita kutsidya, kudziko la eni! Ndilibe pasipoti!"

Intisar anakwinya diresi lake, nalowa, namugwira chala chachikulu cha kuphazi n'kumukokera kumtunda ngati bwato.

"Madzi ake ndi a m'maondo, bambo inu. Ana akukuonani."

Ku Karak, kumene kuli linga lalikulu lamiyala pamwamba pa phiri, anawadikirira anali azakhali a Intisar, mayi wokalamba wa mawu ngati lipenga.

"A ku Madaba aja akudyetsani chiyani? Phala? Khalani pansi mulawe mansaf weniweni."

Linga lija Abu Ziyad analiona pawindo, pakati pa makatani, m'kamwa muli mpunga. Atanena kuti akufuna kukaliona, azakhali anadabwa.

"Lakhala pamenepo zaka mazanamazana, mwana wanga. Likuthawa? Nyamayi ndiye ikuzizira."

Tsiku lachitatu, asanalize galimoto, anatambasula dzanja.

"Foni."

"Ndalakwanji?"

"Foni, Umm Ziyad. Ndatsala pang'ono kuphulika."

Anaitsekera m'kabokosi ka kutsogolo. Motero anafika ku Petra popanda womuimitsa. Anayenda m'mpata wopapatiza wa pakati pa matanthwe, iye patsogolo akufotokoza za anthu akale amene anasema mzindawo, mkazi wake pambuyo akudandaula za nsapato. Kenako mpata uja unatseguka, ndipo nyumba yosemedwa m'thanthwe inaima patsogolo pawo, yofiirira, dzuwa likuiwalira.

Abu Ziyad anatseka pakamwa. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Intisar anali asanamuonepo ali chete nthawi yaitali chotere, moti anachita mantha.

"Mwatani? Ndi mtima?"

"Mamita ake ndinkawadziwa," anatero motsitsa mawu, misozi ikulengeza. "Koma kuti ndi yaikulu chonchi, palibe anandiuza."

Intisar anamugwira mkono. Anaima choncho kanthawi, mpaka kumbuyo kwawo kunamveka mawu amphamvu.

"Azakhali! Azakhali a ku Irbid!"

Anali wapolisi wa ndevu zopotana, mwana wa msuweni wina, amene anatumizidwa kukagwira ntchito kumeneko.

"Amayi anandiimbira dzana. Ndakhala ndikusuzumira nkhope ya aliyense. Akazi anga aika kale nyama pamoto!"

Abu Ziyad anayang'ana kumwamba. "Mulungu wanga, kodi m'dziko muno mwatsala nkhosa?"

Ku Wadi Rum kokha ndi kumene kunalibe mbale wake wa Intisar. Kunali mchenga ndi mapiri basi. Abu Ziyad anakhala pamthunzi wa thanthwe akusisita mimba. Atadzutsa mutu anaona mkazi wake, uja wodandaula za nsapato, atazivula, akukwawa kukwera chulu chachikulu cha mchenga wofiira. Atafika pamwamba anakhala pansi n'kutsetsereka, mpango ukuuluka, akukuwa ngati mtsikana. Anakweranso katatu.

"Bwanji simunandiuze kuti kuli zoterezi?" anafunsa ali wefuwefu.

"Ndakhala ndikukuuzani zaka zonsezi!"

"Munkanena mamita."

Atabwerera ku Irbid, Intisar anafotokozera amayi onse a mumsewu wawo, ndipo nawonso anafuna kukaona. Masiku ano, nyengo ya maluwa ikafika, iye amasonkhanitsa amayi khumi ndi anayi n'kubwereka minibasi. Woyendetsa ndi Abu Ziyad. Pamalo paliponse amamulola kufotokoza kwa mphindi zisanu, ndipo zikakwana, amayiwo amamuombera m'manja mwamphamvu mpaka asiye.