Mapazi Opanda Dothi

Chaka chimene amuna anga anasiya kudula nkhuni za sitima ku Nkaya, anabwerera kwathu ku Phalula ndi bulangete latsopano komanso tulo tosatha. Anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo mkamwini amadziwika ndi khasu. Iwo khasu ankalitha. Kale ankatsiriza mizere yawo n'kudzalima yanga, uku akundiseka kuti ndimapalasa ngati nkhuku.

Tsopano ankagona dzuwa likangolowa, koma kukacha ankadzuka ngati munthu wochokera ku ulendo wautali. Tsiku lina ndinawapeza kumunda ali chiimire, chibwano pa mpini, akuwodzera dzuwa lili paliwombo. Ndinaseka. Mpaka lero kuseka kumeneko kumandiwawa.

Amayi anga sanaseke. "Munthu sagona usiku wonse n'kudzuka wotopa," anatero. "Alipo amene akumulimitsa m'munda mwake ife tili mtulo." Maso a mudzi wonse anapita kwa mayi wina wamasiye wa kutsidya kwa khwawa, amene chimanga chake chinkabiriwira kuposa chathu. Amayi anandilamula kuti m'mawa uliwonse ndiziona ngati mapazi a amuna anga ali ndi dothi, ndipo masana ndisamawalole kutseka maso, poti tulo ndiye khomo lolowera wowatengayo.

Ndinamvera, ine wakhama pa zopusa. Mapazi ndinkawapeza oyera. Masana ndinkawagwedeza amuna anga, kuwawaza madzi kumaso, kuwagwiritsa khasu. Kumbuyo kwa khosi lawo kunatuluka mwanabere, koma ife maso anali kumapazi.

Mayi wamasiye uja ndiye anandiimitsa pachitsime, anzanga atathawa ndi mitsuko yawo.

"Mwanawe, kumene ankadula nkhuni amuna ako kunali ntchentche zoluma zija, akashembe?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Anga anayambanso chonchi. Ameneyo ndi kaodzera. Aleke apume, ndipo upite nawo kuchipatala cha kumishoni msanga."

Nditakafotokoza kunyumba, amayi anakalipa. "Iyayi! Mfiti ikulozere njira, iwe n'kuitsata?" Ine ndinaopa amayi kuposa matenda. Chimanga chinamasula ngaiyaye, chinakhwima, ife tikuyang'anabe mapazi.

Mmene amalume ankabwera ndi machira kuti tipite kumishoni, n'kuti amuna anga atatheratu, tulo tikuwapeza phala lili m'kamwa. Tisananyamuke tinawatsamiritsa pamtengo wa mango, ndipo anatsegula maso.

"Mkazi wanga, ndileke ndigone pang'ono. Ndatopa."

Dzanja langa linali litazolowera. Ndinawagwedeza paphewa n'kunena mawu anga a tsiku ndi tsiku: "Dzukani inu, ulesi bwanji?" Anandiyang'ana, ndipo anayesadi kudzuka.

Kumishoni sanafike. Anawabweza pamachira omwewo, atawafunditsa bulangete lija kuyambira kumutu, mapazi okha ali pamtunda. Ndinawayang'ana monga mwa masiku onse. Analibe dothi.