Mano a Pule

M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, bambo okonza makina odula zilembo amayendetsa chikhadabo pa mapule awo, timagudumu ta mano tomwe lamba amayendapo. Amakonda kunena kuti, "Pule ikalakwika, makina amanama."

Mwana wawo wamwamuna wagwira nawo ntchito zaka khumi, akudikira tsiku loti amulole kusankha pule yekha. Lachiwiri anamuloladi, koma zilembo zinatuluka zowonda. Mkazi wa mwanayo, atabereka khanda kumbuyo, anangosuzumira pakhomo n'kunena chapansipansi, "Yakaleyo mano ake anali twente, iyi ndi sikisitini."

Atawerenga mano aja anapeza kuti zinali zoona. Nsanje inamugwira mwamunayo, moti chakudya cha mkaziyo sichikumukomeranso. Dzulo bambo ake atamuitana, anathamanga akupukuta manja.

"Iwe, kalandire mwana uja kwa mkazi wako. Apongozi abwere adzandisankhire pule."