Mwana wanga pa kalendala ya ufa wa phala

Amuna anga anali wojambula zithunzi ku komboni ya Matero, zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkachita kuimira pamzere. Situdiyo analibe. Anali ndi kamera, njinga, ndi chinsalu chachikulu chimene anachipenta okha: ndege m'mwamba, nyumba yosanja pansi pake. Loweruka ndi Lamlungu ankachipachika pakhoma la nyumba yathu, anthu n'kumabwera atatchena kudzaima patsogolo pa nyumba yosanja imene sadzagonamo. Filimu ikadzaza ankapita nayo m'tauni kokatsukitsa, poti ife a zipinda ziwiri malo otsukira tikanawatenga kuti.

Mwana wathu woyamba anali wamkazi. Atangoyamba kuima chogwirira, bambo ake anamukhazika patsogolo pa chinsalu chija. Ndinamuveka nsapato zoluka, iye n'kuvula imodzi n'kuyamba kuiluma akuseka, ndipo chithunzi chinatuluka choncho, nsapato ili kukamwa. Chinali chimodzi chokha. Mwana wa wojambula, koma chithunzi chimodzi, chifukwa filimu inali ya makasitomala ndipo tinkati nthawi ilipo. Chikuku chinamutenga mvula isanathe.

Maliro atatha, azakhali a amuna anga, amene anabwera kuchokera ku Chawama kudzakhala nane, anachita zimene akuluakulu amachita mwana wamng'ono akapita. Anasonkhanitsa timalaya, mbereko, kakapu ndi chithunzi. Anaitanitsanso negetivu, kafilimu kakuda kamene chithunzi chimachokera, amuna anga n'kuwapatsa. "Ukamaona vinthu ivi siuzaleka kulira," anatero kwa ine, "na mimba ina siizabwera." Ndinalibe mphamvu yotsutsa. Anatuluka nazo zonse, ndipo sindinafunse kumene anakazitaya. Ndikudziwa kuti sankandifunira zoipa, koma mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwawa.

Patapita miyezi ndinayamba kuchita mantha. Ndikatsinzina ndinkaona tsitsi, ndinkaona timiyendo, koma nkhope inkandithawa. Mayi wotani woiwala nkhope ya mwana wake? Ndinkadzifunsa ndikuchapa, ndikutunga madzi pampopi, osauza munthu.

Chaka chili pafupi kutha ndinapita kukagula mchere pa golosale ya bambo wina wachisilamu wochokera ku Malawi, munthu wofatsa wosakweza mawu. Kuseri kwa sikelo anali atapachika kalendala yatsopano. Ndinangokweza maso, n'kumuona. Mwana wanga, nsapato kukamwa, akuseka. Pamwamba pake analembapo za ufa wa phala wolimbitsa ana. Ndinapezeka ndakhala pa thumba la nyemba.

"Mayi, mwadwala?" anafunsa mwini golosale.

"Uyo ndi mwana wanga," ndinatero.

Anacheuka, nayang'ana kalendala, nandiyang'ananso ine. Pamaliro paja analipo. Anagwira pachifuwa n'kunong'ona mawu a chipembedzo chawo.

Amuna anga sindinawaonepo atakwiya ngati tsiku limenelo. Ntchito ya manja awo, munthu osawapempha, dzina lawo osalembapo. Koma chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti mwana ali m'manda, anthu akugulitsira ufa, ufa woti sanaulawepo n'komwe. Anafufuza mpaka anamva kuti kotsukitsa kuja wina anatulutsa chithunzi chapadera n'kukachipereka kwa osindikiza ena a ku mafakitale. Anapita kumeneko okha. Eni ake anawafunsa ngati ali ndi negetivu, kapena chidindo chawo kumbuyo kwa chithunzicho. Zithunzi za makasitomala amuna anga ankadinda zonse, koma chobedwachi sichinadutse m'manja mwawo, ndipo negetivu inapita ndi azakhali. Kalaliki wa kumeneko anawauza kuti makanda onse amafanana. Anabwera kunyumba osadya.

Ine nthawi yonseyi ndinali pa golosale tsiku ndi tsiku. Lero machesi, mawa singano, mkuja soda woti ndinali naye kale m'nyumba. Mwini golosale ankachedwa dala kukulunga, nthawi zina n'kulowa kuseri ngati wayiwala kanthu, kundisiya ndekha ndi mwana wanga. Ndinkamuyang'ana mphuno, timano tiwiri tapansi, khutu lopindika pang'ono. Ndinkabwerera kunyumba maso atatupa. Amuna anga ankaona masowo n'kuganiza kuti kalendala ija ikundipha. Inde inkandipweteka, koma inali itandibwezera mwana. Sindinawauze. Chichokereni azakhali, m'nyumba mwathu tinkangokamba za makala ndi ndiwo, dzina la mwana osalitchula. Iwonso sanandifunse.

Masiku amenewo nkhani siinkayenda popanda acheyamani a chipani a m'dera lathu. Athuwo anali bambo a mimba yotsogola, okonda milandu ikuluikulu, maka yokhala ndi abwana a m'maofesi. Amuna anga atawafotokozera, anabwera kunyumba n'kukhala pa mpando wabwino.

"Manje umboni uli kuti?" anafunsa.

Ndine ndinayankha ndili chogwada pakhomo. Makoswe anali atadya phiko la ndege pa chinsalu chija, ine n'kusokapo chigamba cha chitenje chakale. Pa kalendala chigambacho chinkaoneka bwinobwino pamwamba pa mutu wa mwana, ndi ulusi wanga wokhotakhota womwe. Ndinali nditachiyang'ana kokwanira. Acheyamani anamenya ntchafu, nati mawa lomwe tipita. Ndinagona mtima uli m'malo, poganiza kuti tikukatenga chithunzi cha mwana wathu kubwera nacho kunyumba.

M'mawa tinakulunga chinsalu, tinachimanga panjinga, n'kuyenda atatu mpaka ku mafakitale. Titafika pageti acheyamani anandilozera benchi la alonda. "Amai, nkhalani apa, iyi ni nkhani ya amuna." Tangoganizani. Wobereka mwanayo ndine, wosoka chigamba ndine, koma ndinakhala pabenchi, pafupi ndi amayi ogulitsa vitumbuwa kwa antchito, ndikumva makina akulira mkati. Ndikanakhala ndi pakamwa pamene ndili napo lero, bwenzi nditalowa.

Dzuwa litafika pamutu anatuluka, acheyamani patsogolo, akumwetulira. "Yasila nkhani," anatero, kutanthauza kuti yatha. Anafotokoza mokoma, akukoka mawu. Anayala chinsalu pansi mu ofesi, bwana wa osindikiza anaona chigamba, anaonanso baji ya chipani pachifuwa pa acheyamani, nayamba kupepesa. Amuna anga sanapemphe china koma kuti mwana wawo achoke pa malonda. Makalendala onse otsala anawalowetsa m'makina odulira mapepala iwo akuona. Chitsulo chosindikizira chithunzicho anachipala. Chithunzi chobedwa chija anaching'amba ndi manja awo amuna anga, kuti wina asadzachitolenso.

"Simuzavutikanso, amake mwana," anatero amuna anga. Maso awo anali ofiira, koma kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro anaima mowongoka.

"Mwandisungirako imodzi?" ndinafunsa.

Ndinaona nkhope ya amuna anga ikugwa pang'onopang'ono.

"Ninaganiza kuti ikukupwetekani."

"Imandipweteka, bambo. Koma ndi mwana wanga."

Anasiya chinsalu m'manja mwa alonda, nandikweza pa kaliyala, napalasa ngati wothamangira kuchipatala, acheyamani akutiitana m'mbuyo. Tonse tinkaganiza za khoma la kuseri kwa sikelo.

Tinapeza msomali wokha. Acheyamani, pofuna kuti ntchito yawo ioneke, anali atalamula anyamata a chipani m'mawa womwewo kuti ayende khomo ndi khomo, golosale ndi golosale, mpaka kwa ometa ndi kwa osoka, kutolera makalendala onse a mwana wa wojambula. Anakawatenthera kuseri kwa msika. Anyamata aja akati tipatseni, munthu sankafunsa kawiri.

"Ndinafuna kukubisirani, mayi," anatero mwini golosale, akuyang'ana pansi. "Koma anandipeza ndi makasitomala, ndipo anyamatawo mukuwadziwa."

Pobwerera kunyumba amayi anzanga ankandiimitsa panjira, kundigwira dzanja. Pepani, sitinadziwe, ife tinapereka yathu msanga. Aliyense ankanena mokoma mtima, ndipo aliyense ndinamuthokoza. Madzulo acheyamani anabwera kudzalandira ulemu wawo. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinati zikomo atate, mwatichotsa manyazi. Atapita ndinalowa kuchipinda n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro, ndipo ulendo uno panalibe azakhali ondiletsa.

Amuna anga anayamba kusaka. Akapita kukajambula ku Lilanda, ku George, ku Garden, ankalowa m'golosale iliyonse n'kuyang'ana m'makoma asanapereke moni. Kumadera apafupi mbiri ya acheyamani inali itafika kale, anthu atachotsa okha. Kutali ankawauza kuti inalipo, koma anakulungira tinsomba ta kapenta, kapena ana anakutira makope, kapena inayatsa mbaula. Chaka chitatha panabwera makalendala ena. Iwo sanasiye kufunsa mpaka miyendo inakana kupalasa njinga. Sindinawadzudzulepo, koma ankadziwa, ndipo zinawadya mpaka tsiku limene tinawaika.

Mimba zina zinabwera, monga ananenera azakhali. Ana amenewo bambo awo anawajambula mpaka kutopa nawo, zithunzi zawo zadzaza sutikesi. Akakhala pansi kumaziona, amandifunsa kuti mkulu wawo uja ankafanana ndi ndani. Ndimawauza kuti ankafanana ndi bambo awo. Sindikudziwa ngati n'zoona.