Njinga ya a Mwale Inamangidwa ku Tchalitchi

Lamulungu lapitali titatuluka m'mapemphero, tinapeza pansi pa mtengo wa mango pomwe timaimika njinga pali mbee! Achinyamata athu anaima chapatali atavala zipewa zamapepala ngati apolisi. Mtsogoleri wawo, Tadala, analengeza kuti njinga zonse zamangidwa chifukwa zinalowa pabwalo la Ambuye osagwada, ndipo aliyense awombole yake ndi kangachepe. Akufuna kugula kiyibodi ya kwaya.

Tinaseka. Akulu a mpingo ena anachita kunenerera mtengo ngati akugula usipa ku Senga Bay.

Koma a Mwale sanamve chilengezocho.

A Mwale ndi wakabaza wa pa depoti ya Salima. Ndiwo amandinyamula ndikamachokera kumsika, ndipo ndakhala ndikuwaitanira ku tchalitchi chiyambire dzinja, ndikuwatchula dzina m'mapemphero anga. Limeneli linali tsiku lawo loyamba kubwera. Anatuluka msanga, ndipo atapeza njinga palibe anathamangira kumsewu. Ndinawapeza kumeneko thukuta lili kamukamu, akufunsa amayi ogulitsa zitumbuwa ngati aona njinga ya chishalo chofiira.

"Mayi, njinga ija si yanga," anatero. "Ndi ya abwana. Ndikakawauza kuti yabedwera ku tchalitchi, akandikhulupirira?"

Posakhalitsa Tadala anatulukira akuikankha, anzake akuimba m'mbuyo. "Pepani bambo, ndi masewera chabe! Iwomboleni, ngakhale ndi ya mandasi."

A Mwale anayang'ana pansi. "Yomwe ndinali nayo ndaponya m'mbale muja."

Wina anaseka kumbuyo. Ndinati ndiwalipirire, koma iwo anati, "Ayi mayi, musavutike." Anakwera n'kumapita osacheuka.

Musandimve molakwa, abale anga. Ana amenewa ndimawakonda. Bola akubisa njinga pa tchalitchi kusiyana n'kumazungulira m'malo omwera mowa kunyanja. Ndipo chimwemwe si tchimo m'nyumba ya Mulungu.

Koma chikundisowetsa mtendere ndi ichi: masewera otere amakoma kwa ife odziwana, ife amene m'thumba muli kanthu. Munthu amapereka chifukwa maso onse ali pa iye. Kodi chopereka chofinyidwa ndi manyazi chimafika kumwamba ngati fungo lokoma? Nanga amene alibe, timamusiya ataima pakati pa bwalo kuti aliyense adziwe kuti alibe?

Tinaphunzitsidwa kuti mbusa amasiya khola lodzaza kukafuna nkhosa imodzi. Ife nkhosa imodziyo inabwera yokha, ndipo tinaithamangitsa pamsewu dzuwa likuswa mtengo. Mbuye wa nkhosa akadzatifunsa, tidzamuonetsa kiyibodi?

Ndinamuitana Tadala Lachiwiri. Anandimvera mwaulemu, atagwada, kenako anati, "Koma amayi, anthu anasangalala. Tatsala pang'ono kukwanitsa. Lamulungu likubwerali tikubwerezanso."

Sindikufuna kuzimitsa moto wa achinyamata. Sindikufunanso kuti mzimu wa munthu utayike chifukwa cha nthabwala.

Dzulo ndinapita ku depoti. A Mwale atandiona anawerama, n'kuyamba kupopa tayala lomwe linali lolimba kale. Ndinawapatsa moni, ndipo ndinalimba mtima.

"Bambo, Lamulungu tikuonani?"

Anapukuta manja pa buluku, osandiyang'ana.

"Ndikabwera, mayi, njingayi ndidzaisiya pati?"

Inu a mpingo, ndikawayankhe chiyani?