Tsiku Lomwe Kwaya Inasasa Mawu

Tchuthi cha Fomu 2 ndinathera mu wodi ya amuna, ndikudwazika agogo anga obereka amayi. Fumbi la m'migodi ya ku Joni, lomwe anapuma ali mnyamata, linadzawapeza atakalamba kwathu ku Mlangeni. Amayi ankaphika kukhitchini ya odwazika. Ine ndinkakhala pansi pambali pa bedi, kope langa lili pamiyendo.

Masana ankayenda mwaulesi. Makina a mpweya ankang'ung'udza, makatani ankafufuma ndi kuphwa okha, ndipo ndinkasinza maso ali chitsegulire, ndikuona mizere ya mbatatesi zathu ikuyandama kudenga.

Agogo anali atakana chakudya masiku atatu. Adokotala anati akapandanso kudya tsiku limenelo awalowetsa chubu cha m'mphuno. Agogo nawo anali atanenetsa kuti chubu chikangobwera, tiwanyamule akafere kumudzi.

Pachipatala paja munthu akamwalira, azimayi odwazika ankasiya miphika pamoto n'kuperekeza mtembo kumochale akuimba nyimbo za kutchalitchi, ngakhale womwalirayo sankamudziwa. M'mawa umenewo anaperekeza kawiri.

Nesi wina wachikulire ndi bambo wokankha machira ankaseka zinthu zimene ine ndinkaopa kuzilemba. Bamboyo ankati tayala la machira ake limalira kuposa anamfedwa, ndipo ankapempha odwala kuti ayambe adikira mpaka alithire mafuta. Ndinalemba kuti anthuwa alibe chisoni, kenako ndinafufuta poopa kuti angawerenge.

Anesi aja anaima pabedi lathu, anayang'ana phala lomwe linali litayamba kugwira pamwamba, n'kunditenga supuni m'manja.

"Amuna anga, mwaimva kwaya ija? Yasasa mawu. Mukanyamuka lero akuperekezani ndi chifuwa chokhachokha. Dikirani achire."

Ndinayang'ana pansi mwamanyazi.

Agogo anatsegula diso limodzi. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ine n'kumayesa akubanika, koma kunali kuseka kopanda mawu. Anafunsa monong'ona ngati oimba alito nawonso asasa. Anesi anati a alito ndiye atheratu.

"Ine ndaimba besi moyo wanga wonse, akazi anga. Zoterozo sizingandiperekeze."

Anayasamula. Supuni yoyamba inalowa, yachiwirinso, ndipo kholingo lawo linakwera n'kutsika movutikira.

Anesi anandibwezera supuni. "Pitiriza, mwana wanga, pang'onopang'ono." Anapita kukayalula bedi la pakona, lomwe mwini wake anali ataperekezedwa m'mawa. Ine ndinapala phala la pansi pa mbale, lomwe linali lofundabe, n'kudikira agogo ameze.